Ndikupititsa wailesi ya bambo ku Lizulu

Lachinayi, Ntcheu boma

Ndafika pa Ntcheu dzuwa litapendeka kale. Basi inanyamuka mochedwa ku Wenela, nde kuima pa Zalewa, kuima pa Chingeni, apa kutsitsa matumba apo kudikira munthu wapita kukagula chimanga chootcha, mpaka ndinangoona kuti ku Lizulu lero sindikafika kukuwala, bola ndigone pa boma mawa ndidzuke nawo. Mchikwama muli juzi ziwiri poti aliyense wandichenjeza kuti mwezi wa Meyi kuno kuzizira kwayamba kale, komanso muli katundu amene wandiyendetsa ulendowu, wailesi ya malemu bambo anga. Ndi kawailesi kakale ka mabatire anayi, mlongoti wake unathyoka anachita kulumikiza ndi waya, chotsekera mabatire chinasowa kalekale amangomanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Asanatisiye ananena okha kwa mayi kuti wailesiyi mudzampatse mlamu wanga. Patha chaka ndi miyezi ine ndikungozengereza, mpaka mayi sabata yatha anandiyang'ana nkunena kuti kodi ukudikira kuti nawonso amalume akowo apite?

Kuti mumvetse nkhani yake, bambo anali Noma yeniyeni, kutanthauza timu ya mpira ya Wanderers imene amaitchanso Nyerere, ya buluu mpaka mumtima, ndipo ine ndinatengera iwowo. Amalume, achimwene awo a mayi, ndi Maule osasintha, a timu yofiira ya Bullets. Anthu awiriwa akhala akukangana za mpira kuyambira ine ndisanabadwe. Derby ya matimu awiriwa ikatha, foni imalira pasanathe mphindi zisanu, ndipo amene timu yake yaluza amayenera kuyankha ndithu, kuthimitsa foni kunali kuphwanya lamulo. Chimwalirireni bambo amalume sanandiimbirepo za mpira ngakhale kamodzi. Amaimba kufunsa za mayi, za ana, za mvula, basi.

Madzulo ano ndadya chiwaya pafupi ndi depoti, mbatatesi yake yakuno komwe, yonona bwino. Moyang'anana ndi pamene ndinakhala pali vidiyo shoo, panja aika bolodi lakuda alembapo ndi choko magemu onse a ku England a Loweruka ndi Lamulungu, nthawi yake ndi mtengo wolowera. Ndinawerenga anyamata amene amadutsa: majezi a Arsenal atatu, Chelsea awiri, Manchester United imodzi yosuluka, ya Bullets imodzi. Ya Noma ndinali ndekha, nayonso ili mkati mwa juzi. Wokazinga chiwaya ataona kolala ya buluu anangoti "bwana, Nyerere kuno zimafa ndi chisanu" nkundiwonjezera tchipisi pang'ono.

Lachisanu, Lizulu

Msewu wochoka pa Ntcheu kukwera ku Dedza ndimaukonda kuposa wina uliwonse. Ukangodutsa pa Biriwiri minibasi imayamba kulira pokwera zitunda, ndipo kwa mtunda wautali msewu wa M1 womwewo ndiwo malire, kumanja Malawi kumanzere Mozambique, moti kondakitala akatsitsa munthu wina amawoloka msewu nkukhala kuti walowa dziko lina atanyamula nkhuku yake kukhwapa. Pa Lizulu nde pamsika, kabichi milumilu, tomato, anyezi, karoti, mbatatesi zodzaza ndowa mpaka pamwamba, azimayi kuthamangira galimoto iliyonse yaima.

Ndikudikira msuweni wanga kuti adzanditenge ndinaona bambo wina wogulitsa anyezi atavala jezi yofiira, ine nkumuyamba kuti Maule mwadzuka bwanji. Anaseka nkundionetsa chizindikiro pachifuwa, chiwombankhanga, eti ndi ya Benfica. Kwawo ndi tsidya lija la Angonia koma Chichewa chake ngati changa chomwe. Anati kwawoko anthu anagawikana pa Benfica, Sporting ndi Porto ngati mmene ife tinagawikirana pa Arsenal ndi Manchester, ndipo iye Benfica anaitengera kwa agogo ake chifukwa cha Eusébio, mwana wa ku Mozambique wobadwira ku Maputo nthawi imeneyo kukutchedwa Lourenço Marques, amene anagoletsa zigoli 9 pa World Cup ya 1966 atavala jezi ya Portugal, zinayi mwa izo gemu imodzi yokha ndi North Korea. Amazinena ngati anaonera yekha chikhalirecho munthu wake sanafike ndi zaka 40 zomwe. Ndinamufunsa kuti nanga kuno kwathu amasapota iti, poti wailesi zathu zimamveka bwinobwino tsidya lija. Anangogwira jezi yake nkuti "chofiira ndi chofiira achimwene." Ndinagula anyezi wake basi, ndikanatani.

Kumudzi tinafika pa njinga yamoto cha m'ma 11. Amalume ndinawapeza pakhonde atafunda jekete lalikulu, chipewa cha ulusi kumutu, ndodo pambali. Akalamba kuposa mmene ndinawasiyira pamaliro paja, maso ayamba kuchita nkhungu. Koma atangondizindikira anakuwa kuti "azimayi bisani shuga, Nyerere zalowa m'mudzi!" ndipo azakhali anatuluka m'khitchini akuseka ndi chipande m'manja. Ndinagwada kuwapatsa moni, iwo "wayenda bwanji mphwanga, amako ali bwanji", kundigwira dzanja nthawi yaitali osalisiya. Za bambo sanatchule. Nanenso wailesi sindinaitulutse, chikwama ndinangochilowetsa kuchipinda.

Nkhani inadzayamba yokha usiku tikuwotha moto, titadya nsima ya nyemba ndi kabichi. Msuweni anafunsa dala kuti kodi timu yakale ndi iti, akudziwa kuti akutosa mavu. Ine ndinayankha mmene bambo amayankhira, kuti Wanderers inayamba 1962, Bullets inabwera 1967 ndipo anaiyambitsa ndi osewera amene anachoka ku Wanderers komweko, nde Maule ndi mwana wathu, anatuluka m'nyumba mwathu. Amalume anagogoda ndodo pansi. "Mawu a bambo ako amenewo! Ndipo ine ndimawayankha kuti inde mwana, koma mwana anakula namanga nyumba ya malata bambo ake akadali m'nyumba yaudzu." Nkuyamba kuwerenga pa zala, Bata Bullets ya masiku awo pamene kampani ya nsapato ija imathandiza timu, Kinnah Phiri, Lawrence Waya, kenako Bakili Bullets ya 2004 imene inatulutsa Orlando Pirates nkukalowa m'magulu a CAF Champions League kukakumana ndi Enyimba, Kinnah yemweyo ali kochi. Anafika mpaka ligi zisanu zotsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndi zikho zinayi zonse za 2023 nthawi ya Kalisto Pasuwa. Munthu woti mankhwala ake a BP amaiwala kumwa koma izi sanaphonye ngakhale chimodzi.

Ine ndinali ndi 2017 yanga, chaka chimene Noma inatenga ligi bambo anavina panja ndi tawulo, ndinatchula Yasin Osman, ndinatchula Joseph Kamwendo, ndinawakumbutsanso kuti 2024 Silver Strikers inawalanda ligi ndipo kochi wake anali Peter Mponda, mwana wawo yemwe. Kenako ndinaponya mwala umene bambo amasungira kumapeto nthawi zonse: kuti Kinnah wanuyo, wa zigoli 71 za Flames, atachoka kuno anakasewera timu yanji ku Swaziland? Manzini Wanderers! Ngakhale iye anakathera ku Wanderers. Amalume anatsegula pakamwa kuti ayankhe, kenako anangokhala chete, kuyang'ana moto. Azakhali anadzuka nkuyamba kusonkhanitsa mbale.

Patapita kanthawi anayamba kulankhula motsitsa. Anati iwo ndi bambo anadziwana ku Ndirande ali anyamata, amachita lendi zipinda zoyandikana, wina amagwira ntchito kufakitale wina kusitolo ya mmwenye, ndipo chaka choyamba chonse samapatsana ngakhale mchere chifukwa cha mpira. Nde kunabwera 1978, chikho cha East and Central Africa chikuchitikira konkuno, fainolo pa Kamuzu Stadium, Malawi ndi Zambia. Anapita aliyense payekha wapansi koma m'chikhamu muja anapezeka aima malo amodzi. Malawi inapambana 3-2. Amalume akuti wezulo yomaliza italira anangozindikira akukumbatira munthu, kuyang'ana bwino ndi Noma uja wa chipinda chachiwiri. Anabwerera limodzi ku Ndirande akuimba njira yonse, Khirisimasi ya chaka chimenecho anamutenga kudzacheza kuno kumudzi, nde kuonana ndi mlongo wawo. "Ndiye iweyo mphwanga unabadwa chifukwa cha zigoli zitatu zija," anatero. Nkhaniyi bambo sanandiuzeko chonchi, amangoti amako ndinawapeza ku Ntcheu.

Ndagona mochedwa. Wailesi ikadali mchikwama.

Loweruka, Dedza

Msuweni anali ndi zokagula ku Dedza nde ndinamuperekeza. Kuchoka pa Lizulu si patali, kudutsa pa mphambano ya ku Bembeke kenako kusiya M1 kulowa m'tauni. Abale Dedza kumazizira. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, palibenso boma lina lokwera chonchi m'Malawi muno, phiri lili pamwamba pako penipeni ndi mitengo ya paini, ndipo mmawa uno nkhungu inali itaphimba theka lake. Anthu obwera amathamangira ku Dedza Pottery kapena kukaona zojambula za pamiyala ku Chongoni, ine ndinangomwa tiyi wamkaka ndi sikono pa tiirumu ina pamsika nkuuza wakabaza kuti andiperekeze ku Dedza Stadium.

Lero kunalibe gemu, ndinangoima panja kusuzumira. Si bwalo loti ungaliyerekeze ndi Bingu National Stadium ya anthu oposa 40,000 ija, ndi laling'ono, koma ndi pamene Dedza Dynamos imalandirira alendo mu Super League ndipo wakabaza wanga amalinena ngati ndi munda wa bambo ake. Anati kale kuti uone Bullets kapena Noma ndi maso umayenera kusunga ya thiransipoti kupita ku Lilongwe, makilomita oposa 80, kapena kungokhutira ndi wailesi, pano matimu akuluakuluwo amabwera okha kudzazizidwa konkuno. Tsiku la gemu yaikulu iye amapalasa mpaka miyendo kuchita dzanzi, azimayi a mandasi ndi zitumbuwa amatha katundu dzuwa lisanafike pamutu, a chiwaya mafuta amawathera, ma resitihausi amadzaza.

Ndinamufunsa kuti iyeyo ndi wa timu iti. Anati anabadwa Maule, bambo ake Maule. Nanga Maule akabwera kudzasewera ndi Dynamos? Anasiya kupalasa kaye, kutsitsa phazi pansi. "Akulu, funso limenelo limandisowetsa tulo. Ulendo woyamba ndinavala yofiira. Koma nditaona mnyamata amene ndimamunyamula pa njinga yanga yomweyi akuthamangitsana ndi anthu amene ndimangowamva pa wailesi, ndinapezeka ndikukuwira Dedza, jezi yofiira ili m'thupi." Akuti pano Dynamos ikamasewera ndi Maule amavala jekete yakuda basi, aliyense agoletse iye mtima umagunda kawiri.

Ine zimenezi zandisangalatsa kwambiri, ndinene zoona. Ndine wa Noma ndipo ndidzafa wa Noma, koma dziko lonse kugawana matimu awiri a ku Blantyre kuwonjezerapo Silver sizinali bwino. Mwana wa ku Bembeke kapena ku Linthipe azidziwa kuti pali jezi imene angaivale osasamuka kwawo, ndipo amayi ake atha kubwera kudzamuonera ndi minibasi imodzi.

Masana msuweni anandikokera ku vidiyo shoo kuti tionere gemu ya ku England. Kachipinda ka malata, mabenchi a matabwa, ma TV awiri kutsogolo, jenereta ili chire panja kudikira magetsi akathima. Munali anthu osachepera makumi asanu, fungo la thukuta ndi mtedza wokazinga, koma kunja kukuzizira mkatimo munali bwino. Anyamata ake mpira amaudziwa, asakunamizeni munthu. Amadziwa kuti Saka amakonda kulowera mkati ndi mwendo wamanzere, amadziwa Salah anachokera ku Roma, Haaland ku Dortmund, wina wa Arsenal anayamba kulalikira za 2004 pamene timu yake inamaliza ligi osagonja ngakhale gemu imodzi, wa Chelsea nkumubweza kuti nanga mutu wa Drogba ku Munich 2012 unauona, phokoso mpaka mwini shoo kuopseza kuti athimitsa. Zimenezi ndimazikonda, ndi mkangano womwe uja wa bambo ndi amalume wangosintha jezi.

Chimene chinandipweteka ndi china. Mnyamata amene anakhala pambali panga maso ake sanali pa TV kwenikweni, anali pa foni. Timu imene wavala jezi yake inagoletsa iye osadzuka, anzake akudumpha iye kugwira mutu, eti chigolicho chamuphera tiketi. Kenako anakuwa yekha pa kona wamba poti anabetcha kuchuluka kwa makona. Nditayang'ana bwino theka la benchi lathu linali choncho, mitu pansi, zala pa foni. Pobwerera msuweni anandiululira kuti chaka chatha naye anadya ndalama ya feteleza thumba limodzi mwa njira yomweyo, kuyamba ndi kochepa, kuwina kamodzi, kenako kuthamangitsa zimene zapita. Amalume mpaka pano sakudziwa, anawauza kuti mtengo unakwera. Wandilonjeza kuti anasiya ndipo ndamukhulupirira, koma mtima wanga sunakhazikike. Bambo Noma ikaluza amakana nsima usiku umodzi mawa lake nkudzuka bwinobwino, palibe chimene chimachoka m'nyumba.

Koma pa hafu taimu panachitika kanthu. Wina kumbuyo anatsegula pa foni chigoli cha Gabadinho Mhango chija cha ku Cameroon, January 2022, Flames ndi Morocco mu ndime ya matimu 16, ndipo foni inayamba kuyenda dzanja ndi dzanja ngakhale aliyense anachionapo kambirimbiri. Mphindi 7 zokha gemu itayamba, Gaba kuona goloboyi Bounou wasuntha pang'ono, nkuumenya kuchokera kutali kuja mpira nkukagwera muukonde. A Arsenal, a Chelsea, obetcha omwe, onse anayamba kufotokoza pamene anali tsiku limenelo, wina akuti anathyola benchi, wina akuti anathamanga mpaka pa roundabout opanda nsapato. Tinaluza 2-1, En-Nesyri ndi Hakimi anabweza, koma palibe amene amakamba zimenezo. Ine ndinaonera ndi bambo, inali AFCON yawo yomaliza, ndipo amalume anaimba foni chigoli chitangolowa kudzangonena kuti "ameneyo ndi mwana wa Bullets alamu, musaiwale."

Lamulungu, kumudzi

Mmawa tchalitchi, masana mpira. Kunali gemu pa bwalo la pulayimale, anyamata a m'mudzi mwa amalume ndi a mudzi wa kutsidya kwa dambo, mphotho yake mbuzi imene anaimangirira pa mtengo wa bulugamu kuseri kwa golo kuti aliyense aziiona. Bwalo lake lotsetsereka moti hafu imodzi timu imakwera phiri ina ikutsika, magolo a mitengo pamwamba anamanga chingwe, mizere anathira phulusa. Oyimbira anali aphunzitsi ena ake, wezulo pakamwa kabuku m'thumba la shati. Amalume tinawanyamulira mpando wapulasitiki, anakhala pamzere penipeni.

Akulu asanayambe kunali ana akumenya chikulunga, mpira wa majumbo omanga ndi luzi, ndipo pakati pawo panali kamtsikana kamodzi, chidzukulu cha amalume, zaka mwina khumi, diresi atalipinda m'kabudula, opanda nsapato. Mwanayu amathamanga abale. Anapyola anyamata awiri, wachitatu anamukoka diresi koma sanagwe, nkuchinya pakati pa miyala iwiri imene inali golo, ana onse "Temwa! Temwa!" Si dzina lake, anangomupatsa. Ndinamufunsa ngati akumudziwa mwini dzinalo, anayankha mwamanyazi kuti ndi wa ku Rumphi amasewera ku America ndipo mkulu wake ndi Tabitha. Ndinamuonetsa pa foni zigoli za Temwa Chawinga ku Kansas City Current, ndinamuuza kuti 2024 anagoletsa 20 mu ligi ya kumeneko nkusankhidwa wosewera woposa onse, kuti Tabitha anatsogola pa zigoli ku Italy ali ku Inter Milan asanapite ku France, komanso kuti ma Scorchers, timu ya dziko lino ya atsikana, anatenga chikho cha COSAFA 2023 atagonjetsa Zambia. Anaonera kavidiyo kamodzi katatu osaphethira. Amayi ake anabwera kudzamukoka kuti akatunge madzi, amalume anakweza ndodo, "musiyeni mwanayo, madzi akatunga achimwene akewo amene wawapyola." Nditabwerera ku Blantyre ndimugulira mpira weniweni ndi nsapato, ndalemba pano dala kuti mudzandifunse.

Gemu ya akulu inali yamoto. Ena ndi nsapato za mpira, ena ma sandasi, goloboyi wathu wopanda kanthu kuphazi koma amadumpha ngati mphaka. Azimayi mbali iyi akuimba ndi kuvina chitenje m'chiuno, mbali inayo nawonso, nyimbo zake zonyozana koma zoseketsa, kutchulana mpaka za nkhokwe zopanda chimanga. A kutsidya anayamba kugoletsa akutsetsereka, ife tinabweza hafu yachiwiri, ndipo chigoli chitalowa bwalo lonse linadzaza anthu, ana, azimayi, agalu, aphunzitsi aja kuimba wezulo mpaka kutopa kuti anthu atuluke. Amalume maso sakuona bwino nde ine ndimawafotokozera, uyu wapatsira uyu, wadutsa, wagwetsedwa, iwo nkumakuwa malangizo kwa anyamata amene sakuwaona nkomwe, "tsegula kumapiko iwe! usamusiye yekha!" Pena anandigwira mkono nkunena kuti ukufotokoza bwino koma sufika pa Steve Liwewe Banda. Zinathera 1-1, mapenate kukuchita mdima, mbuzi inapita kutsidya. Panali kukankhana pang'ono pa penate yomaliza, ena akuti mpira unadutsa pamwamba pa chingwe ena akuti pansi, mafumu awiri anaimirira nkhani nkutha.

Usiku titadya ndinalowa kuchipinda nkutulutsa wailesi ija. Ndinagwada nkuiika pa miyendo pawo, ndinakonza mawu ambiri njira yonse koma amene anatuluka ndi akuti "amalume, bambo anati iyi ndi yanu." Sanafunse kuti ndi chiyani. Anaipapasa ndi manja, mlongoti, waya uja, mphira wa chubu, nkupeza kachingwe ka buluu kamene bambo anamangirira pa chogwirira. Ndinaganiza kuti akachotsa kapena anenapo nthabwala. Anangokazunguliza pa chala.

Anati wailesiyi akuidziwa, anagula limodzi ku Limbe, ndipo anamvera limodzi pamene Flames inakwapula Algeria 3-0 ku Angola mu 2010, magetsi atathima, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, Kinnah ali pa benchi ngati kochi. Kenako anati, "mphwanga, ukudziwa chifukwa chake sindikuimbira? Derby yoyamba alamu atapita ndinatenga foni gemu itangotha, ndinafika mpaka pa dzina lawo. Kuyambira tsiku limenelo mpira wa pa wailesi ndinasiya kumvera. Ukawina umuuze ndani?" Azakhali anali pakhomo akupukuta maso ndi chitenje. Ine ndinalephera kuyankha, ndinangotulutsa mabatire anayi amene ndinagula ku Dedza nkuwaika, kumanganso mphira uja. Inalira ndithu, mwa phokoso lake lija lokhala ngati mvula pa malata, ndipo muvi unali pomwe bambo anausiya. Amalume anaikweza kufika kukhutu nkukhala choncho nthawi yaitali ngakhale zimene zimamveka zinali nyimbo za kwaya.

Lolemba, pa msewu

Ndanyamuka mmawa nkhungu isanachoke. Azakhali andipakira mbatatesi theka la thumba, nyemba, ndi kabichi ziwiri zazikulu ngati mitu ya anthu, za mayi. Kamtsikana kaja kanandiperekeza mpaka pa njinga yamoto nkundinong'oneza kuti nsapato amavala saizi 3. Amalume anali pakhonde pomwe ndinawapeza Lachisanu, jekete lomwe lija, koma wailesi ili pambali pa mpando, kachingwe ka buluu kali pompo.

Nditawatsanzika anandifunsa kuti derby ikubwerayi ili liti. Ndinati ndikaona pa fikisicha ndikuuzani. Anati "ukaone, ndipo foni yako ikhale ndi moto tsiku limenelo. Lamulo ukulidziwa, woluza sathimitsa."

Pano ndili mu minibasi tadutsa pa Biriwiri, thumba la mbatatesi lili pa miyendo, netiweki ikubwera nkumapita. Msuweni wangonditumizira uthenga kuti madala akufunsa ngati ku Blantyre kumapezeka mabatire okhalitsa, aja a ku Dedza akuti sawakhulupirira kuti angafike mwezi wa mawa.